Ndani Ankamumwetsa Bernardo?

1

Kwathu ku Ntengo-Wambalame, zaka za nkhondo zija, zinthu ziwiri zokha sizinkasowa: chisanu ndi kachasu. Mchere unasowa, sopo anasowa, amuna anasowa, koma utsi wa otcheza kachasu unkafuka m'makhwawa ngati dziko lili pamtendere. Asilikali anabweretsa chamba, chimene iwo ankachitcha suruma, ndipo anyamata athu sanachedwe kuphunzira kusakaniza ziwirizi.

Dzina langa ndine Joaquina. Ndinali mmodzi mwa amayi a kutchalitchi amene tinadzipereka kuthandiza zidakwa kusiya mowa. Padiri anali atathawa kalekale, ndiye musaganize kuti panali wotiphunzitsa. Anayambitsa ndi amayi Marta, amene mwana wawo anapezeka atauma m'ngalande, botolo lili m'khwapa. Njira yathu inali imodzi. Aliyense ankatenga chidakwa chake n'kumachikoka ngati mbuzi ya pachingwe. Unkalawirira kunyumba kwake otcheza asanasonkhe moto, n'kumupatsa thobwa ndi kachewere wophika, kenako n'kupita naye kudimba kukalima mpaka manja atasiya kunjenjemera. Anthu ankatiseka, ankatitcha gulu la athobwa, ndipo dzinalo linatikanirira.

Lamlungu lina tinakhala kuseri kwa tchalitchi kugawana anthu. Onse atatengedwa, amayi Marta anatsokomola.

"Watsala Bernardo," anatero.

Amayi onse anayamba kuyang'ana zikhadabo zawo.

"Ameneyo ndimutenga ine," ndinatero.

"Iwe Joaquina? Pa anthu onse, iweyo?"

"Eya, ineyo. Ndatopa nayo nyimbo yake ija."

Ndisakunamizeni, sichinali chifundo chokha. Ndinkafuna kutseka pakamwa pa munthu.

2

Bernardo anali msuweni wa mwamuna wanga woyamba, Abel, amene anali pulofesolo, ndiye kuti mphunzitsi, pasukulu ya pamudzi pathu. Chaka chimene anthu a m'tchire anatiwotchera sukulu, anatenga amuna angapo kuti awanyamulire chimanga, ndipo Abel ndi Bernardo anali m'gululo. Patapita milungu, Bernardo anabwera yekha, mapazi atang'ambika. Ananena pamaso pa akuluakulu kuti anaona Abel akuwomberedwa powoloka mtsinje, n'kugwera m'madzi.

Mtembo panalibe, koma kwathu munthu sangofa popanda manda. Anadula thunthu la nthochi, analiveka jekete ya Abel, analikulunga mumphasa, ndipo tinaliika monga timaikira munthu. Ndinalira, ndinameta. Nthawi itakwana abale ake anandisudzula, anati mwana wathu, ndiwe mfulu tsopano. Kenako kunabwera Henrique, enfermeyiro, ndiye kuti namwino, amene boma linamutumiza ku posto yathu ya zaumoyo, munthu wofatsa, wolankhula ngati akuopa kudzutsa mwana. Anandikwatira, ndipo tinabereka Eva.

Bernardo atangobwera kutchire kuja sankamwa. Anamulemba umilisiya, anamupatsa mfuti, ankalondera njira zolowera m'mudzi. Anayamba kumwa ine ndili ndi pakati pa Eva, ndipo anayamba ngati munthu wothamangitsidwa. Mfuti anamulanda, mkazi anamuthawa. Akakhuta kachasu n'kukoka suruma yake, ankabwera kudzaima pamsewu moyang'anana ndi nyumba yanga n'kumaimba:

"Apulofesolo abwera, mame ali m'miyendo! Apulofesolo abwera, alandireni!"

Ana ankamutsatira akuvina. Akuluakulu ankapukusa mitu n'kumati za woledzera sitiwerengera. Kwathu zili choncho: mawu a munthu woledzera salowa m'bwalo, ngakhale atanena kuti nyumba ikupsa amayamba amununkhiza kaye. Ine nyimboyo inkandilasa pamtima, ndipo kawiri konse ndinamuthira madzi otsukira mbale.

3

Nditamuuza Henrique kuti ndatenga Bernardo, anasiya kudya.

"Mayi a Eva, munthu uja musiyeni. Ameneuja mowa unalowa m'magazi. Mukamuletsa mwadzidzidzi, angagwe khunyu n'kukuferani m'manja."

"Ndiye mudzamuchiza inu. Si ntchito yanu?"

"Sindikuseka ine."

"Nanenso sindikuseka, bambo a Eva."

Mayi anga ankati ndinabadwa ndi khosi louma, ndipo sankanama. M'mawa mwake ndinali pakhomo pa Bernardo ndi chipanda cha thobwa. Ndinamupeza atagona pakhonde, nkhuku zikumujompha m'tsitsi. Atandiona anadzikhwekhwereza chammbuyo mpaka kugunda khoma.

"Alamu, mwadzatani?"

"Ndabwera kudzakulimitsani. Dzukani."

"Tumizani wina. Aliyense, koma osati inuyo."

"Ena onse akukanani. Imwani thobwa ili."

Masiku oyamba anali a misozi. Khasu linkamupulumuka, ankasanza, ankaona zinthu m'mizere ya kachewere n'kumazipempha kuti zimusiye. Ndinaphunzira kumugwira mapewa mpaka kunjenjemera kutadutsa. Pang'ono ndi pang'ono maso anayamba kuyera, ndipo tsiku lina anandiseka kuti mizere yanga ndi yokhota ngati njira ya chidakwa. Ndinabwerera kunyumba ndikuimba.

Mawa lake ndinamupeza ali thapsa, akununkha ngati mbiya.

Tinayambiranso. Anakhala bwino masiku angapo, n'kugwanso. Tinayambiranso, n'kugwanso. Chimene chinkandizunguza mutu n'chakuti munthuyu analibe ngakhale nkhuku yoti asinthanitse ndi mowa, chifukwa zija zinkamujompha zinali za eni ake. Ndinazungulira otcheza onse m'khwawa, mmodzimmodzi.

"Ife? Kumupatsa Bernardo? Achemwali Joaquina, amayi Marta anatilumbiritsa pa Baibulo," anatero mmodzi wa iwo akukoleza moto. "Komanso ife sitipereka zaulere. Fufuzani kwina."

Ndinamufunsa mwiniwake. Anangoyang'ana pansi.

"Ndimangoupeza pakhomo," anatero.

4

Ndinasesa nyumba yake yonse ngati ndikufuna singano. Pansi pa nkhokwe yakugwa ndinapeza botolo. Silinali botolo wamba. Linali lija la soro, madzi amene amaika odwala m'mitsempha, lokhala ndi chotsekera cha mphira. Ndinkawadziwa bwino mabotolo amenewo chifukwa ndinkawatsuka ndine. Ku posto mankhwala otsukira mabala anali atatha kalekale, ndipo Henrique ankagula kachasu wamphamvu, wa mutu uja, n'kumasunga m'mabotolo amenewa kuti azitsukira mabala a ovulala. Mudzi wonse unkadziwa, ndipo unkamuyamikira.

Ndinaliika patebulo pamaso pa Henrique masana akudya.

"Ili ndalipeza kwa Bernardo."

Anayang'ana botolo, anayang'ana ine.

"Ndiye kuti ndi amene amandibera. Ndakhala ndikudabwa."

"Posto mumatseka ndi loko."

"Zenera lakumbuyo ndi lothyoka, mayi a Eva. Ndinakuuzani, munthu uja sangachire. Mukungodzivutitsa."

Ndinafuna kumukhulupirira, ndipo ndinayesetsa. Koma popita kumadzi ndinadzera kuseri kwa posto, ndipo zenera lija linali lokhomedwa ndi matabwa, misomali itachita dzimbiri. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ndinatunga madzi anga, ndinaphika, ndinamuyalira mwamuna wanga, osanena kanthu. Chimene sindinkamvetsa chinali chifukwa chake. Munthu amene ankagona ndi njala kuti wodwala adye, angamwetse bwanji mnzake poizoni?

Ndinapita kwa amayi Marta n'kuwapempha kuti Bernardo azigona m'khitchini mwawo, pamene palibe angafike osaonedwa. Sanandifunse zambiri. Anangoti, "Ubwere naye, koma fodya wake uja asiye kunja."

5

Kwa amayi Marta mowa sunamupezenso. Mwezi unatha, wina unayamba. Bernardo ananenepa masaya, anameta ndevu, anayamba kupereka moni kwa anthu. Nyimbo ija inatha, ndipo ine ndinkayenda modzitukumula ngati ndapha njovu. Henrique yekha ndi amene ankaonda.

Tsiku limenelo tinkakumba kachewere, dzuwa lili bwino. Bernardo anaika khasu pansi n'kukhala pamzere.

"Alamu, kodi lero ndamwa?"

"Ayi. Bwanji?"

"Ndinunkhizeni."

"Zamisala zanji zimenezo? Ndikudziwa kuti simunamwe."

"Ndikufuna mutsimikize. Chifukwa zimene ndinene ndakhala ndikuzinena zaka zonsezi pamsewu paja, inu n'kumandithira madzi."

Ndinakhala pansi.

"Abel sanafere pamtsinje," anatero. "Ine ndinamuona akugwa, ndipo ndinalumbira zimene ndinaona. Koma chipolopolo chinangomupala. Anthu a m'tchire aja anamuvuula, anakhala nawo kutchire, akuwalembera ndi kuwawerengera. Kenako anathawa. Anabwera, alamu. Anafika pano."

"Liti?"

"Inu muli ndi pakati pa Eva. Mwezi wa Junyu, m'mawa, nkhungu ili tolo. Ine ndinkalondera njira ija yodutsa kumanda. Ndinangoona chinthu chikutuluka m'mitengo ya kumanda, chitafunda chiguduli, tsitsi lili nyankhalala. Chinanditchula dzina. Chinati, Bernardo, msuweni, ndine."

Anapukuta manja pa buluku, ngakhale anali ouma.

"Alamu, ine ndinaponya nawo dothi pamanda ake. Ndinameta nawo. Munthu amene unamuika wekha akutuluka kumanda n'kumakuitana, ungaganize chiyani? Ndinati ndi mzukwa wabwera kudzanditenga chifukwa ndinamusiya m'madzi. Sindikumbuka kukoka chala. Ndinangomva mfuti yalira, n'kuona kuti mzukwa uja ukutuluka magazi."

Masiku amenewo kulira kwa mfuti kamodzi sikunkadzutsa ngakhale galu. Bernardo anamukokera Abel m'mitengo, n'kuthamangira ku posto kukaitana enfermeyiro. Henrique anabwera ndi chikwama chake. Bala linali pamimba.

"Anafa pomwepo?" ndinafunsa. Ndinkapemphera kuti ayankhe kuti eya.

"Ayi. Anakhala mpaka dzuwa pamutu. Ankalankhula bwinobwino. Ine anandikhululukira, anati msuweni, si iwe, ndi nkhondo. Kenako anafunsa za inu. Sankamudziwa enfermeyiro, ndiye anamugwira dzanja n'kumupempha kuti, senyoro, kandiitanireni mkazi wanga, dzina lake Joaquina, nyumba ya pafupi ndi bwalo la mpira la ana."

"Ndiye?"

"A Henrique anati chabwino, ndikukamuitana. Ananyamuka. Ine ndinkawaona, alamu. Sanapite patali. Anaima kuseri kwa mtengo, atagwira mutu, nthawi yaitali ndithu. Kenako anabwerera n'kunena kuti, ndamuuza, akubwera."

Ndege ya nkhondo ikanadutsa pamenepo sindikanaimva.

"Abel anandipempha kuti ndimutembenuze ayang'ane kunjira. Anafa akuyang'ana kumeneko. Tinafukula manda ake omwe aja, tinachotsa zowola za nthochi, tinamuika iyeyo. Kumanda sikupita munthu popanda maliro, ndipo pamene maliro ena anachitika tinati anafukula ndi afisi. A Henrique anati tikanena, ine andipha abale, inu mupita padera. Madzulo ake anandipatsa botolo loyamba kuti ndigone."

6

Sindikudziwa mmene ndinafikira ku posto. Ndinamupeza Henrique akuwiritsa majakisoni pambaula. Atandiona dothi la kudimba lili m'miyendo, anadziwa. Anakhala pabenchi ya odwala.

"Wanena," anatero.

"Wanena asanamwe."

"Mayi a Eva..."

"Musanditchule choncho lero. Kuchokera kumanda kufika kunyumba kwanga, mwana amathamanga osapuma. Ndinali pakhomo tsiku limenelo. Ndinkapeta nyemba."

"Ndikudziwa. Ndinkakuonani pamene ndinaima paja."

"Ndiye munalekeranji kundiitana?"

"Mukanabwera, mukanakhala mkazi wa ndani? Nanga akanachira? Mwana ali m'mimba, ine mlendo m'mudzi muno, wopanda m'bale. Ndinachita mantha, Joaquina. Ndinati ndiime pang'ono ndiganize, ndipo pang'onopo panakula."

"Akanachira?"

Anatembenukira kumbaula kuja.

"Ndikufunsa enfermeyiro, osati mwamuna wanga. Mukanamunyamula kubwera naye kuno, akanachira?"

"Bala la pamimba, opanda dotolo, opanda galimoto. Ndinamanga, ndinachita zimene ndikanatha. Sindikuganiza kuti akanachira."

"Simukuganiza."

"Sindikudziwa. Ndadzifunsa tsiku lililonse."

"Nanga Bernardo? Zaka zonsezi mukumuthira kachasu ngati mukuthirira dimba?"

"Poyamba ndinkafuna agone. Kenako ndinaona kuti akaledzera amanena zonse, koma palibe amamumvera." Analira, mwakachetechete monga ankachitira zonse. "Ndinkadziwa kuti ndikumupha. Botolo lililonse ndinkati ili ndi lomaliza."

Ndinkamukonda munthu ameneyu, ndipo zimenezo ndi zimene zinandipweteka kwambiri. Akanakhala chilombo zikanandipepukira.

7

Tsiku lotsatira Bernardo anandipeza pachitsime. Anadikira amayi ena achoke.

"Alamu, ndaganiza. Palibe wamva kupatula inu. Nditati ndiyambirenso kumwa, zonse zibwerera mmene zinalili. Mudzati zinali za mowa. Eva akula ndi bambo ake, inu mukhala pabanja panu. Ine ndazolowera kale, si kanthu."

Ankanena zoona, ndipo ankalolera ndi mtima wonse. Ndinayang'ana ndowa yanga ikudzaza, n'kuganiza za Eva, za nkhondo imene sinkaoneka kutha, za umasiye umene ndinkaudziwa kale kukoma kwake. Ndinaiganizira nkhaniyo nthawi yaitali kuposa mmene mayi wa gulu la athobwa ayenera kuiganizira. Botolo limodzi lokha likanandigulira zonse.

"Mukadzalawanso, ndidzakuthyolani miyendo ndi mpini," ndinatero. "Tiyeni kwa amalume ake a Abel. Mukanene zimene mwandiuza, ine ndikachitira umboni kuti simunamwe."

Anamununkhiza ndithu, akuluakulu aja, mmodzi ndi mmodzi, asanamulole kulankhula. Atamaliza panalibe woseka. Nkhalamba ina inangoti, "Wamisala anaona nkhondo," n'kuphimba nkhope ndi chipewa.

Abel tinamulira kachiwiri, ndipo ndinametanso. Abale a Abel sanamuphe Bernardo. Anamukalipira, anamusambitsa mankhwala, n'kumusiya ndi moyo wake. Henrique sindinamuthamangitse ndi mawu. Ndinangochapa zovala zake, kuzisita, n'kuziika m'chikwama pakhonde. Anapita ndi magalimoto a asilikali, ndipo pambuyo pa nkhondo ndinamva kuti akugwira ntchito cha ku Furancungo, akuchiza anthu, osakwatiranso. Eva atakula ankapita kukamuona, ndipo sindinamuletsepo.

8

Inu amene mukuwerenga, mwina muli ndi chidakwa chanu chimene mukuchikoka, mwamuna, mlongo kapena mwana. Musatope nacho, ntchitoyi ndi yabwino, ndipo ine ndaigwira mpaka imvi. Koma ndikuchenjezeni zimene ife sitinachenjezedwe. Mowa umakhala utatsekera kanthu, ndipo nthawi zina pamakhala wina wosamwa amene zikumuyendera bwino chifukwa chakuti mnzakeyo akumwa. Mukamachotsa botolo, funsani kuti ankalibweretsa ndani, ndipo konzekani kuti yankho lingakhale m'nyumba mwanu. Komanso muzimvetsera zimene woledzera amabwerezabwereza. Ine ndinkamuthira madzi.

Bernardo sanalawenso mpaka imfa yake. Anakwatira, anathandiza ena ambiri, ndipo pamaliro pake anthu anandiloza kuti uyo ndi amene anamupulumutsa. Ndinawathokoza. Akandifunsa ngati ndikanamutenganso nditadziwa mtengo wake, ndimati eya, ndipo masiku ambiri ndimakhala ndikunena zoona.

Mfuti ija ndinaikhululukira. Mabotolo aja, mwina Mulungu anakhululuka. Chimene chimandikhazika pansi pakati pa ntchito, mpaka lero, ndi mawu awiri aja amene Henrique ananena pofuna kumutonthoza munthu wakufa. Akanangoti sindinamupeze, kapena anathawira ku Malawi, Abel akanatseka maso mumtendere. Koma anamuuza kuti ndamva ndipo ndikubwera. Abel anadutsa tchire lonse lija wapansi kuti adzandione, ndipo anafa akudziwa kuti ndaitanidwa koma sindinafulumire.